Mutu 5: Kachala Atsekula Khomo pa Rauta ya Anthu Onse

1. Chenjezo la a Mawaya

M'nyumba yosanja imene Kachala ankakhala ndi mayi ake munali mabanja asanu ndi atatu, koma rauta inali imodzi. Inali pamwamba pa masitepe, m'kabokosi kokhomera kukhoma, pafupi ndi mamita a magetsi. Aliyense wa m'nyumbamo ankalowera pomwepo pa intaneti. Ikangothima, anthu ankatuluka m'zipinda zawo n'kuyamba kulozana zala.

Kachala anali mtsikana wa kalasi yomaliza ku sekondale. Dzina limeneli analiputa yekha, chifukwa chala chake sichinkatha kuona batani osalidina. Ali wamng'ono anathimitsapo firiji ya eni m'golosale, kungofuna kuona kuti kabatani kofiira n'kantchito yanji.

Tchuthi chinali chikutha. Zolemba zake zonse zokonzekera mayeso zinali mu kompyuta ya kunyumba, chikompyuta chakale chimene mayi ake ankatayipira makalata a anthu. Kunyamula kunali kosatheka, ndipo kusukulu yogonera komweko analetsa mafulashi chifukwa cha mavairasi. Ndiye mtsikana anapeza nzeru: aziilowa kompyutayo ali kusukulu, ngati wakhala pampando wa kunyumba.

Anawapeza a Mawaya ali pamakwerero, akukulunga tepi pa waya wa rauta. A Mawaya anali mmisiri wa makompyuta wokhala m'nyumba yomweyo, ndipo panalibe kompyuta m'menemo imene sinadutse m'manja mwawo.

"Ankolo, ndithandizeni," anatero Kachala. "Pulogalamu yolowera patali ndaika kale. Koma ndikayesa ndili kunja, rautayi ikundikaniza."

"Ikugwira ntchito yake," anayankha a Mawaya osatembenuka. "Rauta ndi mlonda wa pageti. Wam'kati amatuluka mmene akufunira. Wakunja salowa, pokhapokha titam'tsekulira khomo n'kumuuza mlondayo kuti wobwera pakhomo ili uzim'perekeza ku chipinda nambala yakuti."

"Ndiye nditsekulireni limodzi. Kakang'ono chabe, ankolo."

A Mawaya anatsika, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Khala pasitepe apo, umve ndi makutu onse awiri. Rauta iyi si ya mayi ako. Kuseri kwake kuli mabanja asanu ndi atatu, zithunzi za ana a eni, makalata a kuchipatala, zinsinsi za m'mabanja. Khomo la pa intaneti lilibe laling'ono. Kunjaku kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyenda akugwedeza zitseko za eni, osatopa. Sakudziwa, alibe nawe mlandu, amangofuna chitseko chosakhoma. Chinanso, manambala a zipinda amene mlondayu amagawa si amuyaya. Magetsi akathima n'kuyakanso amagawa mwatsopano, woyamba kudzuka ndiye woyamba kulandira. Lero seveni ndi yanu, mawa ndi ya wina."

Kenako anatsitsa mawu, n'kuloza ndi mlomo chitseko chachitatu, kumene kunkamveka makina osokera.

"Ine khomo lotere ndinatsekulapo kamodzi, ndipo mpaka lero limandilemera pamtima. Wamtali, mwana wa a Telala aja, popita kukagwira ntchito m'zombo anandipempha monga wapemphera iwemu. Chaka choyamba ankalowa Lamlungu lililonse. Mayi ake ankakhala pampando kuonerera kamuvi ka pasikirini kakuyenda kokha, iye n'kumawalembera moni. Kenako zii. Lamlungu linadutsa, lina, linanso. Pano zaka ziwiri, foni yake sigwira, amene anam'lemba ntchito akuti sakumudziwa. Rauta yakale itapsa ndi mphezi ndinaika iyi, ndipo khomo lija sindinalitsekulenso. Koma kuwauza mayi aja kuti njira ya mwana wawo ndinaitseka, pakamwa panga pamauma. Mpaka lero kompyuta ija saithimitsa."

Makina aja anaima pang'ono, n'kuyambanso.

"Ndiye yankho langa ndi ayi. Kasindikize mapepala ako unyamule m'chikwama ngati anzako."

2. Mphindi zisanu

"Ndamva, ankolo," anatero Kachala, mpaka kupinda mawondo.

Koma abale, kumva kuli pawiri! Mtsikanayu anamva ndi khutu limodzi, linalo likumvera nzeru zake. Paja Ndadziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo.

M'mawa wa tsiku lobwerera kusukulu anatenga chidebe, n'kukwerapo, n'kusuzumira pansi pa rauta. Mawu achinsinsi anali pomwepo, olembedwa pa katepi ndi dzanja la a Mawaya eni ake. Anathamangira ku kompyuta, anatsekula tsamba la rauta, anasankha khomo, n'kuliloza ku nambala seveni. Sipanathe ndi mphindi zisanu zomwe.

Pa pulogalamu yake yolowera patali anaikapo mawu achinsinsi omwe a Mawaya anaika tsiku limene anawakonzera kompyutayo, poti ndi amene anawazolowera. Chimene sankadziwa ndi ichi: mmisiri wochenjeza anzake uja naye anali ndi kachizolowezi kake. Poopa kuiwala, kompyuta iliyonse imene wakonza ankaiika mawu achinsinsi amodzimodzi.

"Iwe, basi ikusiya!" anakuwa mayi ake ali kukhitchini. "Ukutaninso pamenepo?"

"Ndikungotsanzikana nayo, amayi. Koma masana musamaithimitse, imavuta kuyaka."

"Ha! Ana a masiku ano. Mayi ako sunatsanzikane nawo, wayamba makina."

Sabata ziwiri zoyamba zonse zinayenda myaa. Makalasi akatha, kuyambira 3 koloko mpaka 4, ana ankaloledwa m'chipinda cha makompyuta. Kachala ankakhala pakona, n'kulowa kunyumba, n'kuwerenga zolemba zake. Mumtima ankawaseka a Mawaya kuti ukalamba wawachititsa mantha.

3. Chipinda cha eni

Lamlungu lina kunyumba magetsi anathima kwa maola awiri. Kachala sanadziwe. Akanadziwa bwanji ali kusukulu?

Lolemba masana anakhala pakona pake paja, n'kulemba mawu achinsinsi monga mwa masiku onse. Sikirini inatsekuka. Koma makalata a mayi ake panalibe.

Panali chithunzi cha mnyamata wamtali, atakoleka dzanja paphewa la mayi wamfupi, pambali pawo pali makina osokera. Pakati pa sikirini panali tsamba lotsekula, lodzaza mizere ya zilembo zikuluzikulu.

*Lamlungu. Sunabwere. Ndasoka madiresi atatu.*

*Lamlungu. Sunabwere. Bondo layambanso.*

*Lamlungu. Sunabwere. Malaya ako ndachapa, ankanunkha m'sutikesi.*

Kachala anadziwa pomwepo zimene zachitika. Nambala seveni inali itapita kwa a Telala, ndipo mlonda wa pageti anam'perekeza ku chipinda cha eni. Mwana womva akanatuluka nthawi yomweyo. Koma uyu anagwira mausi n'kuyamba kukwera m'mwamba, kufuna kuona kuti mizereyo yayambira pati. Inali yambiri, yosatha, Lamlungu pamwamba pa Lamlungu.

Mwadzidzidzi tsamba linabwerera lokha pansi. Zilembo zinayamba kutuluka, chimodzichimodzi, mochedwa, monga amalembera munthu wotayipa ndi chala chimodzi.

*Mwana wanga ndiwe*

Kachala anachotsa dzanja pa mausi. M'chipindamo munali ana makumi atatu akusokosera, koma iye sankamva kanthu. Zilembo zinapitiriza.

*Ndili pano. Usapite*

Anatseka pulogalamuyo, n'kuika manja pansi pa desiki. Mnzake wa pambali anam'funsa ngati akudwala, iye anangopukusa mutu.

4. Foni ya kwa a metironi

Lachiwiri Kachala anaitanidwa ku ofesi ya a metironi kuti kuli foni. Anali mayi ake.

"Mwanawe, kuno kwachitika zodabwitsa. Wamtali wabwera pa kompyuta dzulo! A Telala anatuluka akuthamanga opanda nsapato, akugogoda chitseko chilichonse. Tonse tinapita kukaona, koma tinapeza kamuvi kataima. Kuyambira dzulo sakusoka, sakudya, angokhala pampando maso ali pasikirini."

Kachala anafunsa kuti, "A Mawaya akuti bwanji?"

"Anachokapo, anapita kukakonza makina kutali, abwera Lachisanu. Koma ine mtima wanga sukukhazikika. Ndikuuze, mwanangu, poti tsiku lina udzabereka. Maliro ali bwino, munthu umalira, umaika, misozi n'kuuma. Koma mwana wosowa ndi chilonda chosapola. Ukamva sitepe panja umati ndi iye. Ukaona wamtali aliyense pamsewu umathamangira kukamuona kumaso. Mayi amene uja zaka ziwiri zimenezi wayenda ngati wanyamula madzi odzaza m'beseni, pang'onopang'ono, kuti asatayike. Ngati ndi mwana wake, Mulungu alemekezeke. Koma ngati pali wina akusewera naye, ameneyo ndi wakupha, ngakhale sanagwire mpeni. Ukundimva?"

"Ndikumva, amayi."

"Nanga mawu achepa bwanji? Ukudya koma?"

"Ndikudya."

Apa ndiye panali poululira. Koma iye anangotsanzika, n'kuika foni pansi.

Lachitatu analowanso, atatsimikiza kuti alemba dzina lake ndi kupepesa. Anapeza mzere watsopano ukumudikira.

*Ngati kumene uliko sakulola kulemba, ingogwedeza kamuvi ndidziwe kuti uli moyo*

Dzanja lake linali pa mausi. Kamuvi kanagwedezeka. Sanafune, koma kanagwedezeka.

*Zikomo Ambuye zikomo zikomo*

Anatuluka osalemba kanthu.

Za Lachitatuzo tinganene kuti inali ngozi. Koma za Lachisanu, ayi, tisamuikire kumbuyo. Lachisanu Kachala analowa dala, n'kuyendetsa kamuvi dala, uku ndi uku, akudziuza kuti akuwachitira chifundo mayi wa eni. Bodza likavala malaya a chifundo limaoneka bwino zedi.

Yankho linabwera mochedwa monga kale.

*Ndamva mwanangu. Akutsekera. Ndikubwera. Makina ndapeza wogula, adzatenga mawa. Lolemba ndinyamuka kupita kudoko kumene unakwerera chombo. Ndikafunsa munthu aliyense mpaka ndikupeze*

Kachala anawerenga kawiri. Makina amenewo ndiwo ankawadyetsa a Telala. Kudokoko kunali ulendo wa masiku atatu, ndipo mayiwo anali ndi bondo lovuta, opanda wachibale kumeneko.

Anaimirira belu lisanalire, n'kupita kwa a metironi kukapempha chilolezo chopita kunyumba.

5. Loweruka

Anafika dzuwa lili paliwombo. Sanayambe walowa kwawo. Pakhomo lachitatu anapeza makina osokera atakulungidwa m'chiguduli, atamangidwa ndi chingwe.

"Odi, amayi."

"Lowa! Ee, Kachala, wabwera? Wamva nkhani yabwino?"

A Telala anali ataonda, koma nkhope inali ikuwala moopsa. M'chipindamo munali mosesa bwino. Bedi laling'ono la kukona linali loyala nsalu yatsopano, ndipo pa hang'ala panali shati ya manja aatali imene anaisoka komaliza asanamange makina. Kompyuta inali pathebulo, ikulira pang'onopang'ono.

Kachala anagwada pasimenti.

"Amayi, ndabwera kudzaulula mlandu. Amene amayendetsa kamuvi uja si achimwene. Ndine."

A Telala anaseka. "Iwe uli kusukulu?"

"Ndili kusukulu komweko. Ndinatsekula khomo pa rauta a Mawaya atandiletsa. Ndimafuna kompyuta ya kwathu, koma ndinagwera mu yanu. Ndinawerenga zimene mumalemba. Munati mwachapa malaya chifukwa ankanunkha m'sutikesi. Munati bondo layambanso."

Kuseka kuja kunazima. A Telala anafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo kwawo, n'kukhala.

Mayi a Kachala, amene anamva mawu a mwana wawo, anali ataima pakhomo atagwira pakamwa. Anapita kukaitana a Mawaya. Mmisiriyo atamva zonse anavula chipewa, n'kuulula zake: za khomo la Wamtali limene analitseka kalekale osanena, ndi za mawu achinsinsi amodzimodzi aja.

A Telala anayang'ana Kachala amene anali chigwadire. Polankhula sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa.

"Kachala, ndinakusokera yunifolomu yako yoyamba. Unkaima pampando uwu ndikukuyeza. Kulowa molakwitsa sindikukuimba mlandu, munthu amasochera. Koma unandiona ndikuitana mwana wanga, iwe n'kuyankha. Ukudziwa kuti sabata ino ndagona tulo koyamba m'zaka ziwiri? Ndinayamba kuiwala mawu ake, sabata ino ndinawamvanso. Unandipatsa mwana Lolemba, lero wabwera kudzam'tenga. Iye anasowa kamodzi, iwe wam'sowetsa kachiwiri. Ukadzakula udziwe kuti munthu wanjala sapatsidwa mbale yovundikira yopanda kanthu. Bola kum'siya ndi njala yake."

Kachala analira, kulira kwenikweni kwa mamina. Panalibe amene anam'tonthoza.

"Inunso a Mawaya," anapitiriza a Telala, "chaka chonse mumandipatsa moni pamasitepe, mukudziwa kuti ndikudikira pakhomo lokhoma."

"Ndinalakwa, mayi." A Mawaya anatulutsa laputopu m'chikwama. "Koma khomoli titseke pompano. Lakhala pululu sabata zitatu, nyumba yonse ili pamtetete."

"Dikirani." A Telala anatembenukira kwa Kachala. "Unalowa kangati?"

"Katatu, amayi. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu."

"Nthawi yanji?"

"Masana, 3 koloko. Nthawi ina sitiloledwa."

"Nanga Lachinayi m'mawa?"

Kachala anadzutsa mutu. "Lachinayi m'mawa timalemba mayeso a masamu. Chipinda cha makompyuta chinali chokhoma."

"Lumbira."

"Ndithu, amayi, pali Mulungu. Kafunseni aphunzitsi."

M'chipindamo munazizira. A Telala anaimirira pang'onopang'ono, atagwira thebulo.

"Lachinayi cha m'ma 9 kamuvi kanayenda. Sikanapite pa tsamba langa ngati masiku enawo. Kanapita kumene kuli zithunzi, kosasochera, ngati kakudziwa njira. Kanatsekula chithunzi cha malemu bambo ake, n'kuima pamenepo nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi mpaka kutha. Kenako kanatseka bwinobwino n'kupita."

"Mayi, amenewo ndi ogwedeza zitseko aja," anatero a Mawaya, koma mawu awo sanali olimba. "Amatsekula chilichonse, kufunafuna choti abe. Mawa adzalowa kwa anansi onsewa."

"Wakuba amaima pa chithunzi cha munthu wakufa?"

"Atha kutero, mayi."

"Nanga mwana wanga sangathe? Ndiyankheni ngati mmisiri. Khomo limene watsekula mwanayu, Wamtali atayesa kumene aliko, angalowe kapena sangalowe?"

A Mawaya anayang'ana Kachala. "Unasankha khomo nambala yanji?"

Kachala anatchula nambalayo. Inali yomwe pulogalamuyo imabwera nayo, imene aliyense amasankha akakhala pachangu.

Mmisiri uja anatseka maso. "Ndi lomwe lija," anatero. "Angalowe."

A Telala anadutsa pakati pawo akutsimphina, n'kukaima pakhomo, msana utatsamira chitseko.

"Munatseka osandifunsa. Uyu anatsekula osandifunsa. Lero mundifunsa. Amene akufuna kutseka khomo limenelo ayambe wandiyang'ana m'maso, andiuze kuti mwana wanga anafa. Ayambe ndani?"

A Mawaya anayang'ana pansi, mayi a Kachala anayang'ana mwana wawo.

Kunsi kwa masitepe kunamveka mawu a mwamuna akuodira. Anali wogula makina uja.